Wolowa M'bwalo Kamphindi

Anzanga okonda chinenero, mawu akuti punter andisowetsa mtendere. Ben Graham adali kaputeni wa Geelong ku Australia, katswiri wothamanga, kuwakha ndi kumenya mpira. Atalowa New York Jets mu 2005, adamupatsa ntchito imodzi yokha: kulowa, kumenya mpira kutali, n'kutuluka. Darren Bennett ndiye adalambula njirayi ku San Diego Chargers. Munthu wotere timutche ndani? "Womenya mpira" sakukwanira.

Ndikamadutsa mu Graniteside, momwe agogo anga ochokera ku Nyasaland adakalambira m'fakitale, ndimalingalira za Chinyanja chathu cha ku Mbare. Chidafika kuno chathunthu, chokalipira ana ndi kufunsira mbeta. Lero timachiitana pamaliro ndi pagule basi. Mwambo ukatha, Chishona chimabwerera m'bwalo.