Kandimverere Anakanena za M'maluwa

Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwambiwu umachenjeza kuti mawu odzera mwa munthu wina amafika atapindika. Komabe inalipo nthawi imene mabanja ambiri m'Malawi analibe pogwira pena koma kudalira kandimverere yemweyo.

M'zaka zimene bungwe la Wenela linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ku Joni, mwamuna ankatha chaka ndi theka kapena zaka ziwiri osaponda pamudzi. Chingwe chomulumikiza ndi banja lake chinali kalata basi, ndipo makalata ambiri ankadzera ku keyala ya sukulu kapena ya mishoni. Amayi ambiri panthawiyo sankadziwa kuwerenga, choncho ankanyamula kalatayo kupita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wasukulu kuti awawerengere ndi kuwalembera yankho.

Odziwa kuwerenga analipo angapo, koma si onse amene ankafunidwa kawiri. Wokhulupirika ankadziwika ndi zinthu zazing'ono. Ankawerenga kalata yonse osadumpha mzere, ngakhale wowawa, wonena kuti bambo avulala mumgodi kapena sabwera chaka chino. Kalata ikatchula ndalama, ankanena chiwerengero chake chenicheni. Polemba yankho ankaika mawu a mayiyo monga atulukira pakamwa, osathira mchere. Akatuluka m'nyumbamo, za m'kalatazo ankazisiya momwemo, sizinkamvekanso pachitsime kapena pabwalo la mowa. Wonama sankachedwa kugwidwa, pakuti mwamuna ankadzabwera ndithu, n'kufunsa za bulangete ndi ndalama zimene anatumiza.

Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoyi. Patsiku lotere mphekesera imathamanga kuposa kalata. Mayi amene mwamuna wake ali panjira safuna womutonthoza ndi mawu okoma; amafuna munthu amene sanamunamizepo.

Lero adzukulu amawerenga okha, ndipo aliyense wokhala ndi foni angathe kulembera anthu zikwizikwi amene sanamuonepo nkhope. Kandimverere sanafe, wangosamukira pa intaneti. Uthenga wa maliro umazungulira pa WhatsApp mwini wake ali moyo, ndipo wina amalemba kuti watumiza ndalama molakwika, zibwezedwe, chikhalirecho sanatumize kalikonse.

Mdzukulu wofuna kuti owerenga amukhulupirire sasowa nzeru zachilendo. Adzitchule dzina ndi kumene ali, monga mlendo achitira akafika kwa a mfumu. Anene kumene wamva nkhani, ndipo asiyanitse zimene waona ndi maso ake ndi zimene wangouzidwa. Akalonjeza kulemba Loweruka lililonse, Lowerukalo alembedi. Nambala ya foni imene munthu wamupatsa aisunge ngati kalata ya mayi uja, osaigawa kwa amalonda. Ndipo asafulumire kupempha ndalama kwa anthu amene sanawapatseko kanthu kaphindu.

Zonsezi siziwala tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wa chikhulupiriro umamangidwa ndi nkhuni imodziimodzi. Koma chingwe chake ndi chimodzi chokha. Bodza limodzi likachidula, nkhuni zonse zimabalalika, ndipo wowerenga amene wanamizidwa sachita mkangano. Amangosiya kutsegula uthengawo.