Malo ogona ndinkalipira ndi thupi langa

Ndinafika ku Limbe ndili ndi zaka 12, mayi anga atamwalira, amalume atagulitsa nyumba. Masana zinkakhalako bwino. Ndinkanyamulira anthu katundu mumsika, kutola mabotolo, kapena kupempha pa maloboti. Choopsa chinali usiku.

Khonde lililonse la sitolo lili ndi eni ake. Anyamata akuluakulu ndiwo ankagawa malo ndi makatoni, ndipo mwana wachilendo wopanda ndalama ankalipira ndi thupi lake, kaya mtsikana kaya mnyamata. Ine mmodzi wa iwo anandigwirira usiku wachitatu. Ndimakumbukira katoni yonyowa ndi mvula ya mu Januwale, ndi fungo la chamba pa malaya ake. M'mawa anandigulira tiyi ndi sikono, n'kundiuza kuti tsopano palibe amene adzandimenye. Ndinathokoza. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinathokoza.

Kunalinso azibambo a magalimoto, ovala bwino, msinkhu wa bambo anga. Za kondomu sindinkayerekeza n'komwe kutchula, chifukwa njala inali itandimanga pakamwa. Ndikamva anthu akunena kuti ana a masikini ndi opanda khalidwe, mtima umandiwira. Ife tinali ana. Azibambo aja ankabwerera kwa akazi awo.

Ndili ndi zaka 16 ndinayamba kutsokomola ndi kutuluka zilonda. Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anandigwira dzanja mpaka kuchipatala, ndipo anandipeza ndi HIV. Namwino anandifotokozera za PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu amene wagwiriridwa akawayamba maola 72 asanathe, n'kumwa masiku 28. Ndinalira, osati chifukwa cha zotsatira zokha. Chipatala chinali pafupi zaka zonsezo, koma panalibe anandiuza.

Ma ARV ndi aulere, komatu wogona panja amawasunga kuti? Mnzanga wina anamubera botolo lake pamodzi ndi jumbo ya zovala. Anachita manyazi kukapempha ena, ndipo tinamuika m'manda chaka chomwecho. Ine anga ankandisungira mayi wa tomato uja, pansi pa benchi.

Pano ndili ndi zaka 24, ndimasoka zovala, ndipo kachilombo sikakuonekanso m'magazi anga.

Inu amene mumadutsa pamakondepo, mwana akakuuzani kuti wagwiriridwa musamufunse chimene amafuna mumsewu. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kenako imbani 116. Nambalayi ndi yaulere.