Chala China Kumutu, China Kumchira

Ife a makompyuta tili ndi kamayeso kathu koyesera ophunzira. Timati tenga mawu, uwatembenuze, chilembo chomaliza chikhale choyamba. "Moto" akhale "otom". Ine kamayesoka ndimakakonda m'chinenero cha C, chija anakonza Dennis Ritchie ku Bell Labs mu 1972, chifukwa C sabisa kanthu.

Mu C, mawu ndi timabokosi tondondozana mu memory ya kompyuta. Kabokosi kalikonse, kotchedwa byte, kamasunga nambala ya chilembo, ndipo kumapeto kumakhala ziro wosonyeza kuti mawu athera pano. Pointer ndiye chala cholozera. Sichisunga chilembo ayi, chimasunga adiresi ya kabokosi.

Tsono umaika chala china pa chilembo choyamba, china pa chomaliza. Umasinthanitsa zilembo ziwirizo, chimodzi utachisungiza kaye pambali kuti chisafufutike. Kenako chala chakumutu chimasendera kutsogolo, chakumchira n'kubwerera m'mbuyo, mpaka zitakumana pakati. Basi, yatha ntchito. Koma ziro uja osamukhudza. Akangopita kumayambiriro, kompyuta imaona ngati palibe mawu n'komwe.

Zonsezi zimayenda bwino pa Chingerezi. Nanga tayesani "Malaŵi". Inu ndi ine tikuona zilembo 6, koma kompyuta ikuona ma byte 7. Ndondomeko ya ASCII ya mu 1963 inali ndi malo 128 okha, ndipo ŵ wathu munalibe. UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, inam'patsa malo, koma m'timabokosi tiwiri. Zala zija sizidziwa kuti tiwirito ndi mapasa. Zimangotitembenuza, ŵ n'kusanduka zinyalala pa sikirini.

Apa ndi pamene ambiri amati, "Aaa, ingochotsani kachipewako, makina akukana." Ine ayi. Makina sakana kanthu, abale anga, amachita zimene awauza. Mu UTF-8, byte iliyonse yotsatira inzake m'chilembo chimodzi imayamba ndi manambala 10, choncho chala chingathe kuphunzitsidwa kuzindikira mapasa n'kuwanyamulira limodzi. Ndi mizere yowerengeka chabe.

N'chifukwa chake wophunzira akandionetsa "otom" wake akumwetulira, ndimam'yamikira, kenako n'kumuuza kuti atembenuzenso dzina la dziko lake. Pulogalamu yolephera pamenepo sinathe kulembedwa.