Singano Inanama, Land Rover Inagona Pathengo

M'midzi ya pakati pa Chadiza ndi Katete muli Land Rover imodzi imene ngakhale ana amaizindikira ndi kulira kwake isanaonekere. Ndi ya mtundu wa Series III, umene unali kupangidwa ku Solihull m'dziko la England kuyambira 1971 kufikira 1985, ndipo iyi inatuluka m'fakitale mu 1974. Mwini wake ndi mkulu wina wa imvi, mphunzitsi wopuma pa nchito, amene anaigula pa malonda a katundu wakale wa boma. Galimotoyi yanyamula feteleza, cimanga, akwati ndi maliro, ndipo mkuluyu anali kunena monyadira kuti sinamucititsepo manyazi.

Dzinja lapitali, usiku wina mvula ili kuwaza, mwana wake wamkazi anagogoda pa citseko. "Atate, mwana watentha thupi ndipo wayamba kukomoka," anatero mau ali kunjenjemera. Mkuluyu anavala jekete, naliza galimoto, nayang'ana geji ya mafuta. Singano inakwera pang'onopang'ono monga mwa masiku onse nikaima pa kota. Iye anawerenga mumtima: thanki imene ili pansi pa mpando wa woyendetsa imalowa malita 45, kota yake ndi malita 11, ndipo lita imodzi imayenda makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi. Cipatala ca St Francis ku Katete cili pa mtunda wa makilomita 40. Mafuta anali okwanira ndithu.

Koma tsoka silinunkha. Atayenda makilomita 15 okha, injini inatsokomola kawiri nizima pakati pa thengo. Anayesa kuliza, koma ai. Anatuluka nagogoda thanki ndi cala, ndipo inalira ngati ng'oma yopanda kanthu. Pamene anabwerera pa mpando, singano inali cikhalire pa kota.

Mwa mwai, patapita ola limodzi panadutsa mnyamata wa njinga yamoto, amene anavomera kunyamula mai ndi mwana. Ku cipatala anapeza kuti ndi malungo, ndipo mwanayo anacira. Mkulu uja anagona m'galimoto kufikira m'mawa. Iye akuti cimene cinam'soweka tulo si udzudzu kapena mphepo, koma kuganiza kuti mdzukulu wake akadatayika cifukwa ca kukhulupirira kasingano kosafika ngakhale kutalika kwa cala.

Mlungu wotsatira anatengera galimoto kwa makanika wina wacikulire wa pa Katete, wozolowera magalimoto akale. Mkuluyu anafika ali ndi maganizo ake kale: geji yafa, agule ina.

"Ai, Bambo, tisathamangire kugula," anayankha makanikayo. "Geji ili ngati mthenga wa mfumu. Imanena zimene yauzidwa. Tiyambe tafufuza amene akuiuza zabodza."

Pamenepo anafotokoza kuti nchitoyi imagwiridwa ndi zinthu zitatu. Coyamba cili m'thanki: kacinthu koyandama pa mafuta, komangidwa ku kamkono ka waya. Thanki ikadzala kamakwera, ndipo kamkonoko kamalola magetsi ambiri kudutsa. Mafuta akacepa kamatsika, magetsi nacepanso. Caciwiri ndi geji yeniyeniyo. M'kati mwake muli kacitsulo kopyapyala kokulungidwa ndi waya, kamene kamapindika kakatentha ndi kukankha singano. Ndico cifukwa cake singano ya magalimoto amenewa imakwera mwaulesi munthu akatembenuza kiyi. Cacitatu ndi kabokosi kakang'ono kobisika kumbuyo kwa wochi ya liwiro, kochedwa stabiliser. Magetsi a galimoto sakhazikika: injini itazima amakhala mavolti 12, ikamalira amafika pafupi ndi 14. Nchito ya kabokosiko ndi kuwacepetsa kuti geji izilandira mavolti 10 nthawi zonse.

Makanika anayambira ku thanki. Anacotsa mpando ndi cibvundikiro ca pansi pake, nazula waya wobiriwira wa mzere wakuda umene umapita ku geji. Atatembenuza kiyi, singano inagona pansi. Izi zinasonyeza kuti wayayo sanasupuke ndi kukhudza citsulo panjira, pakuti akadatero singano ikadakwera yokha. Kenaka anakhudzitsa wayayo ku citsulo ca galimoto kwa kamphindi cabe, ndipo singano inayamba ulendo wopita pamwamba. Anaucotsa msanga kuopa kuocha geji. "Mwaona, Bambo? Mthenga wanu ali moyo," anatero.

Asanatsegule thanki anazula waya wa batire, nathamangitsa mnyamata wina amene anayandikira ndi fodya kukamwa, pakuti mpweya wa petulo umayaka ndi kamoto kakang'ono. Anatulutsa coyandama cija nacigwedeza pafupi ndi khutu. Cikabooka cimamwa mafuta ndi kumira, ndipo geji imanena kuti thanki yauma pamene ili yodzala. Ici cinali couma m'kati. Kamkono kake sikanapindike, ndiponso kanali kuyenda bwino popanda kukakamira. M'thanki munalibe mlandu.

Apa makanika anakhala pa ciguduli ca tayala nafunsa funso limene mkuluyu sanaliyembekezere: "Kodi geji ya kutentha kwa injini ikucita bwanji masiku ano?"

Mkuluyu anadzidzimuka. Anaulula kuti kuyambira nthawi yokolola singano imeneyo inali kukhalira pafupi ndi pofiira. Iye anatsuka redieta kawiri, nasintha lamba wa fani, ndipo pa ulendo uliwonse anali kuima kuti injini izizire, ngakhale kuti madzi sanali kuwira. Anakumbukiranso kuti miyezi yomweyo anali kuyamikira galimoto yake kwa anzake kuti yaleka kudya mafuta, popeza singano inali kucedwa kutsika. Cifukwa cakuti anali kuthira malita khumi kawirikawiri, thanki sinaumepo kuti bodzalo lionekere.

"Mboni ziwiri zikanama bodza lofanana, ndiye kuti zinapangana kunyumba imodzi," anatero makanika akuseka. Mageji awiriwa amadyera mbale imodzi, ndiyo stabiliser ija.

Anamasula bolodi la mawochi, natenga kababu koyesera kokhala ndi mawaya awiri. Waya umodzi anaugwiritsa ku citsulo, wina pa potulukira magetsi a kabokosiko. M'kabokosi kakale kotere muli kacitsulo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya magetsi mosalekeza, motero kababu kayenera kuphethira ngati ciphaniphani. Koma aka kanangoyaka nganganga osaphethira. Atasuzumira bwino anapeza gwero la mlandu wonse: kanati kogwira waya wakuda, umene amakanika amaucha earth, kanamasuka ndi mabampu a mseu, ndipo pansi pake panali dzimbiri ndi fumbi. Popanda waya umenewu kacitsulo kaja sikatentha, njira sitsekeka, ndipo magetsi onse 14 amathira m'mageji. Singano zonse ziwiri zimakwera kupyola coonadi.

Anapala dzimbiri ndi sandipepa, namanga kanatiko zolimba. Kababu kanayamba kuphethira. Singano ya kutentha inabwerera pakati, ndipo ya mafuta inatsika kufika pamene panali malo ake. Palibe cinagulidwa. Makanika anangolangiza kuti kabokosiko kakadzafa ndithu, masiku ano kuli tina tatsopano topanda kacitsulo koyenda m'kati, timene timapereka mavolti 10 osaphethira.

Mkuluyu, pokhala mphunzitsi, sanakhutire ndi mau okha. Anakhuthula thanki yonse, nayamba kuthiramo malita khumi khumi ndi cigubu coyezedwa, akudikira mphindi ziwiri nthawi iliyonse kuti singano ikhazikike, ndi kujambula m'kabuku pamene yaima. Anapeza kuti ngakhale geji yokonzedwa siinena zenizeni kotheratu, koma tsopano adziwa tanthauzo la malo aliwonse a singano. M'kabuku komweko amalembamo malita amene wathira ndi nambala ya mtunda imene wochi ikusonyeza, kotero kuti singano ndi pensulo zimatsutsana poyera. Kumbuyo kwa mpando wamangirirako cigubu cacitsulo ca malita asanu cimene sacikhudza pa maulendo a kumsika.

Akafunsidwa za usiku uja, iye sadzudzula galimoto. Amati inam'cenjeza kwa miyezi isanu ndi umodzi kupyolera mu singano ya kutentha, koma iye anamva uthenga woipa yekha nausamalira, pamene uthenga wokoma wa mafuta osatha anaulandira ndi manja awiri osaufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mdzukulu uja tsopano akuthamanga bwino, ndipo ndiye amasunga pensulo. Galimoto ikaima pothira mafuta, iye amatambasula dzanja nati, "Ambuya, kabuku!"