Maapozi ali kutali, chinanazi chili pakhomo



Seputembala ndi Okutobala akafika, ife amene tili ndi mafoni a intaneti timayamba kuona zithunzi za makeke a maapozi pa Facebook. Amayi a ku Ulaya ndi ku America amakhala ali kalikiliki kukhitchini, chifukwa kwawoko imeneyi ndi nyengo yothyola maapozi, kutentha kutatha, chisanu chisanafike. Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa ngati apozi ndiye chipatso chopatsa thanzi kuposa zonse, ndiponso ngati mwana amene sanalawepo apozi akusowa kanthu m'thupi. Ayi, sakusowa kanthu. Koma pali nzeru imodzi ya amayi akunjawo imene ndikufuna titengere.

Iwo amaphika maapozi chifukwa ndi amene achuluka pakhomo pawo, otsika mtengo, ena akuolera pansi pa mtengo. Mtengo wa apozi umafuna nyengo yozizira kwambiri kuti ubereke bwino, n'chifukwa chake ambiri amene timawaona m'masitolo ku Limbe, ku Blantyre ngakhale pa Chitakale amachokera ku South Africa. Ayenda ulendo wautali pa lole, ndipo pogula timalipira ndi ulendowo. Kwathu kuno ku Mulanje, chimene chimachuluka mpaka kuola ndi chinanazi. Chaka chikamatha, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza mumakhala milu ya zinanazi, mango nawo ali mbwee, kenako mapeyala ndi magwafa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tione manambala pang'ono. Mu magalamu 100 a apozi muli mamiligalamu pafupifupi 5 a vitamini C. Mu chinanazi cholemera chimodzimodzi muli pafupifupi 48, ndipo mu gwafa muli oposa 200. Mango akupsa ndi mapapaya amapatsa thupi vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda. Apozi ndi chipatso chabwino, mukampeza idyani. Koma musadzimvere chisoni ngati simungakwanitse kugula.

Ine ndinakulira m'munsi mwa phirili, m'nyumba ya agogo anga aakazi. Uvuni analibe, sikelo yoyezera ufa analibe, koma nthochi zikapsa kwambiri mpaka makoko kuda, sankataya. Ankazikanya ndi mgaiwa, kuyala tsamba la nthochi mumphika, kuthiramo, kenako kuika makala pachivundikiro. Chigumu chimenecho ndi chimene tinkatenga popita kusukulu, ndipo shuga ankalowamo pokhapokha kukabwera alendo. Pambuyo pake matenda a chisaka anawononga nthochi zambiri kuno ndi ku Thyolo, mpaka tinayamba kudya nthochi zochokera ku Mozambique ndi ku Tanzania. M'makomo ambiri chigumu chinapita limodzi ndi nthochizo, ndipo malo ake anatengedwa ndi zapaketi.

Zimenezi ndimaziona kuntchito. Tsiku la sikelo, pa mzere wa amayi, ana ambiri amakhala atagwira kapaketi ka zokhwasula zamchere kapena kachubu ka madzi ofiira otsekemera. Sindiwadzudzula amayiwo. Mwana akulira, ulendo ndi wautali, ndipo kapaketi n'kotsika mtengo. Koma mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono. Ikadzaza ndi zimenezi, phala alikana, ndipo mwezi wotsatira mzere wa pakhadi la sikelo sukwera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Umphawi ndiwo gwero lalikulu, inde. Koma mbali ina ndi ndalama zochepa zomwezo zikamapita ku zinthu zodzaza mimba popanda kumanga thupi.

Mayi wina, mwana wake atatsika pa sikelo miyezi iwiri yotsatizana, anandiuza kuti, "Anamwino, zipatso zimene mumanenazo n'za anthu a ndalama." Nditamufunsa kuti pakhomo amalima chiyani, anati chinanazi, nandolo ndi mtedza pang'ono. Zinanazi zonse zinkapita kumsewu. Zotsala, zofewa kwambiri zimene ogula azikana, ankataya kudzala. M'maganizo mwake chipatso chinali chimene chimagulidwa m'sitolo. Tinakhala pansi n'kukambirana kaphikidwe kamene ndikulemberani pano.

Pezani makapu awiri a ufa wa mgaiwa, theka la kapu ya nsinjiro, nthochi zinayi zakupsa kwambiri, theka la chinanazi chakupsa, dzira limodzi kapena awiri, kapu imodzi ya mkaka wosasa uja wa chambiko, masupuni atatu a mafuta ophikira, theka la supuni yaing'ono ya soda ndi kamchere kotsina ndi zala. Nthochi zikasowa, wiritsani mbatata yofiira mkati n'kuikanya, imagwira ntchito yomweyo ndipo ili ndi vitamini A wambiri. Mkaka ukasowa, madzi aukhondo akwanira.

Sambani m'manja ndi sopo, tsukani chinanazi musanasende. Chiduleni tizidutswa topyapyala, muike mumphika pamoto wochepa kwa mphindi zisanu mpaka khumi, chifewe ndi kutulutsa madzi. Musadumphe pamenepa. Chinanazi chachiwisi chili ndi mphamvu ina imene imayabwitsa lilime ija, ndipo chikakhalitsa ndi mkaka chimauwawitsa. Moto umathetsa mphamvuyo. Madzi amene atulukawo musataye, ndiye shuga wathu wa lero.

M'mbale ina kanyani nthochi, thiranimo dzira, mafuta, mkaka ndi madzi a chinanazi aja atazirala. Payokha sakanizani mgaiwa, nsinjiro, soda ndi mchere, kenako phatikizani zonse. Zikhale zolimba ngati phala logwira, zotsika pa mthiko mochedwa. Soda musachulutse. Akachuluka chigumu chimawawa, chimachita chikasu, ndipo amawononga ena mwa mavitamini a mu mgaiwa. Kuwawasa kwa chambiko ndi chinanazi n'kumene kumadzutsa sodayo kuti chigumu chifufume, choncho mukangosakaniza musachedwe kuika pamoto.

Wambani tsamba la nthochi pamoto kuti lifewe, liyaleni mumphika, pakani timafuta. Yalani chinanazi pansi, thirani zosakaniza zija pamwamba. Pansi pa mphika moto ukhale wochepa kwambiri, wambiri ukhale pachivundikiro. Makala akadula, zitsononkho ndi mitengo youma ya nandolo zimapereka moto wokwanira, ndipo phiri lathu lipumako. Amene muli ndi mphika waukulu mukhoza kuthiramo mchenga, kuutenthetsa, n'kukhazika mphika waung'ono pamchengapo, chigumu sichipserera pansi. Dikirani mphindi 40 kapena kuposerapo, osavundukula pafupipafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukabaya ndi mpeni pakati n'kutuluka wouma, chapsa. Chizizireko, kenako gadabuzirani pambale kuti chinanazi chikhale pamwamba. Fungo lake lokha liitana ana a kwa aneba.

Tsopano werengani nane magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Mgaiwa ndi chokhutitsa. Nsinjiro ndi gulu la nyemba. Dzira ndi mkaka ndi zochokera ku nyama. Nthochi ndi chinanazi ndi zipatso. Mafuta alimo. Magulu asanu m'chidutswa chimodzi chimene mwana angagwire m'manja. Atsala masamba okha, amenewo akumana nawo pa nsima.

Mwaona kuti sindinatchule shuga. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga woonjezera pa tsiku, ndipo akafika pa 6 ndi bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezanipo wa mu tiyi wa m'mawa, ife a Mulanje tiyi sitiseweretsa. Ena amati shuga wa m'dziko muno amaikamo vitamini A. N'zoona, koma chimenecho si chifukwa chothirira masupuni anayi m'kapu. Mwana wosakwana zaka ziwiri safunika shuga woonjezera n'komwe. Lilime limazolowera zimene taliphunzitsa, m'mera mpoyamba. Ngati akuluakulu pakhomo akudandaula kuti sichikutsekemera, thirani supuni imodzi kapena awiri mumphika wonse, ulendo wotsatira muchepetse.

Pali zina zimene ndiyenera kunena monga namwino.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, bere lokha basi. Akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, yambani ndi nthochi yokanya kapena nsinjiro m'phala, uku akuyamwabe. Chigumu mumpatse akafika miyezi isanu ndi inayi, chonyenyanyenya kapena chofewetsa, inu muli pompo kuti asatsamwe. Uchi musampatse mwana wosakwana chaka.

Amene muli ndi matenda a shuga, chigumu chopanda shuga si mankhwala. Mgaiwa, nthochi ndi chinanazi zonse zimakweza shuga m'magazi. Idyani kachidutswa kochepa, ndipo mukadya muchepetse nsima ya nthawi imeneyo. Mankhwala anu pitirizani monga anakuuzani kuchipatala.

Mtedza ndi chimanga sankhani musanasinje kapena kupita kuchigayo. Zofota, zakuda ndi zachuku tayani. Poizoni wa chuku safa ndi moto, amawononga chiwindi ndipo amabweza ana m'mbuyo pa kakulidwe.

Mbaula ya makala musayatse m'nyumba yotseka mazenera, ngakhale mvula ikugwa. Mpweya wake sununkha koma umapha. Ndipo chivundikiro cha makala chija mukachichotsa, musachiike pansi pamene mwana akukwawa. Mabala a moto a ana amene ndawatsukapo, ambiri anachitika mayi atangotembenuka kamphindi. Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, kenako thamangirani kuchipatala.

Chigumu cha zipatso chimakhala chonyowa, sichichedwa kuchita nkhungu m'nyengo yotentha. Vundikirani kuopa ntchentche ndipo chithe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kumbukiraninso kuti moto umachepetsa vitamini C, choncho theka lina la chinanazi lija ana adye lachiwisi.

Ndikudziwa kuti chinanazi ndi ndalama. Ndicho chimagula sopo, makope ndi feteleza, ndipo mabanja ambiri kuno sanaimebe bwino chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sindikunena kuti musiye kugulitsa. Ndikupempha chinanazi chimodzi pa mulu, chija chofewa chimene ogula achikana, ndi nthochi zija zada makoko. Zimenezo zilowe mumphika Loweruka kapena Lamulungu, ndipo tsiku la sikelo kapena la sukulu mwana anyamule chidutswa chokulunga m'tsamba m'malo mwa kapaketi.

Yesani sabata ino ndi chipatso chimene chili pakhomo panu. Ngati ndi mango, aduleni muphike chimodzimodzi. Auzeni ndi anzanu amene alibe foni, ku mjigo, ku banki m'khonde, kulikonse kumene mumakumana. Ndipo tsiku la sikelo musajombe, bwerani ndi khadi la mwana tidzaone limodzi mmene akukwerera.