Kalata kwa mphwanga ku Monkey Bay: za nyali yozungulira ya pagombe

Wokondedwa mphwanga,

 Kuno ku Neno tonse tili bwino, amayi okha ndiwo akudandaulabe mawondo, koma akuyenda. Uthenga wako ndinawawerengera pakhonde Lachiwiri madzulo. Atamva kuti sukulu ya za pamadzi wayiyamba ndithu, anakhala chete kanthawi, kenaka n'kunena kuti, "Amenewo ndi magazi a bambo ake." Mwana wokulira m'mapiri, amene madzi aakulu anawadziwira pa mlatho wa Zalewa, lero akuphunzira za sitima! Ndikukunyadira kwambiri, ngakhale mtima wanga suli m'malo.

Wafunsa za nsanja za nyali zimene zimaunikira sitima usiku, ngati munthu amene ali kutali amaona kuthwanima kukutalikirana kusiyana ndi amene ali pafupi. Yankho ndi ayi. Ukukumbukira mmene tinkaonera amayi a tsidya lina la Lisungwi akusinja? Munsi unkagwa mumtondo ife tikuona, phokoso n'kutipeza pambuyo pake, pakuti phokoso limatenga pafupifupi masekondi atatu kuti liyende kilomita imodzi. Koma kasinjidwe sikankasintha, chifukwa kugunda kulikonse kunkachedwa mofanana ndi kunzake. Nyali ndi chimodzimodzi, kungoti kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Ukakhala pa mtunda wa makilomita 30, kumakupeza patadutsa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, ndipo kuthwanima kotsatira kumachedwanso choncho. Mpata wapakati umakhala womwewo.

Mwina chakusokoneza ndi chakuti kutali mzere wa kuwala umasesa malo aakulu mofulumira. Zimenezo n'zoona. Yesa ndi tochi usiku uone: ukaitembenuza pang'ono chabe, kuwala kumalumpha munda wonse wa patali. Koma kutaliko mzerewo umakhalanso utatambasuka, ndipo kuti ukubwerere uyenera kudikira galasi lizungulire ndithu. Mwini nthawi ndi makina ozungulitsa galasi.

Zimenezi ine ndinazimva kwa bambo iwe uli kumbuyo. Ali mnyamata anapita kukagwira ntchito padoko la Beira. Anakwera sitima yapamtunda yodutsa pa mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa mu 1935 pa mtsinje wa Zambezi. Ku Beira kuli nsanja ya Macuti, yomangidwa mu 1904, ya mizere yofiira ndi yoyera, imene Apwitikizi amaitcha farol. Bambo ankati iwo ndi mnzawo wina anatsutsana za funso lako lomweli, mpaka anagula wotchi yapamkono ndi malipiro awo oyamba. Anawerenga kuthwanima ataima pamchenga pafupi ndi nsanjayo, tsiku lina anawerenganso ali m'boti kutali, masekondi n'kukhala omwewo. Nkhaniyi ankaifotokoza kawirikawiri tikamawotha moto m'nyengo yozizira, ndipo nkhope yawo inkawala.

Chiyambi chake ndi chakale. Poyamba anthu ankangosonkha moto pamwamba pa nsanja. Mfalansa wina, Augustin Fresnel, anakonza galasi lamizeremizere losonkhanitsa kuwala kuti kupite mbali imodzi, ndipo linaikidwa koyamba pa nsanja ya Cordouan mu 1823. Chaka chotsatira nsanja ya Green Point inayaka ku Cape Town, ndipo ikugwirabe ntchito. Nyali yeniyeni imakhala ikuyaka osazima, chozungulira ndi galasi. Likakhala ndi mbali zinayi n'kumazungulira kamodzi pa masekondi 20, iwe uona kuthwanima pa masekondi asanu alionse. Kale ankalizungulitsa ndi chitsulo cholemera chotsika pang'onopang'ono ngati wotchi yapakhoma, mlonda n'kumachikweza usiku. Nsanja iliyonse inapatsidwa kaphethiridwe kakekake kuti amalinyero aizindikire mumdima. Ya ku Umhlanga, pafupi ndi Durban, imathwanima katatu pa masekondi 20 alionse. Mtunda ukadakhala kuti umasintha nthawi, nzeru yonseyi ikadakhala yachabe.

Wotchi ija inayenera kukhala yako. Bambo anabwerako nayo yokha, poti abwana awo anawachotsa ntchito osawapatsa ndalama za miyezi yomaliza, chinthu chimene chinkawawawa mpaka tsiku lomwalira. Maliro atangotha, malume aang'ono anaitenga kuti akaikonzetse ku Mwanza, ndipo sitinaionenso. Anthu amati anaigulitsa. Ine ndinawakhululukira pakamwa, koma ndikaganiza kuti lero ukanaivala pa sitima, chilonda chimatukuka. Malume omwewo tsopano ayamba kulima mpaka m'malire a dimba la amayi, ndipo nkhani ili kwa amfumu. Mwana wawo wamkazi ukwati wake walephereka, mwamuna anapita ku Joni mwezi wa chinkhoswe ndipo foni sakuyankha. Ndamumvera chisoni mtsikanayo, alibe cholakwa. Manachesi chaka chino anabereka bwino, koma ogula anafika ndi mitengo yawoyawo, ndipo ndi msewu wathuwu sitinachitire mwina.

Ndibwerere ku nyali, pakuti pali zina zimene mtunda umasinthadi, ndipo ndi zimene zingakupusitse. Ukakhala pafupi umaona mzere wonse ukuyenda m'mwamba, kuwala osazimiririka kwenikweni. Ukatalikira, kuthwanima kumaoneka kofooka ndi kofupika, chifukwa diso limangogwira pakati powala kwambiri. M'nkhungu kapena m'mvula kuthwanima kwina ungakuphonye. Sitima ikalowa pakati pa mafunde nyali imabisika, iwe n'kuganiza kuti yachedwa. Kutali kwambiri nsanja imabisika kuseri kwa madzi poti dziko n'lozungulira, n'kumangooneka kuyera kukudutsa m'mitambo. Choncho usamawerenge kamodzi. Werenga katatu ndi wotchi m'manja, ufananize ndi zimene zalembedwa pa mapu, kenaka uuze mkulu wako pa sitima. Makina a GPS ndi abwino, koma batire limatha.

Nyanja yathuyi usaiyese thamanda poti madzi ake ndi osawawa. Mu 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto, anthu 145 n'kumwalira. Mwera ukayamba umvere akuluakulu amene akalambira pa sitima ya Ilala, usatsutsane nawo poti uli ndi mabuku. Jekete yoyandamitsa uzivala ngakhale anzako akuseke. Mowa wa padoko uupewe, ndipo ndalama usabwereketse munthu amene wangomudziwa kumene.

Ndikagulitsa mbatatesi ndikugulira wotchi yosalowa madzi, yokhala ndi muvi wa masekondi, ndipo ndipatsira munthu wodalirika wopita ku Mangochi. Amayi akuti uwaimbire Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Ndine mkulu wako,
ku Neno