Katapila wa nthawi

Abwana anaima pakhomo pa kachipinda ka maseva, foni ikungolira m'manja mwawo. "Achimwene, zibwerera nthawi yanji?"

Panali pa 24 Novembala, mvula yoyamba itagwa kumene. Kampani yomwe ndinkagwirako ntchito inkagulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo malonda a nthambi zonse, ngongole za makasitomala ndi chiwerengero cha matumba zinali pa seva imodzi ku likulu ku Lilongwe. M'mawa umenewo madisiki awiri a sevayo anafa motsatizana. Ndinayankha mosajejema kuti pofika masana zonse zikhala zili m'malo. Ndikanaopanji? Usiku uliwonse tinkachita backup, ndipo lipoti la m'mawa linkabwera lobiriwira.

Pali njira ziwiri zimene anthu a ntchito yathu timakangana nazo. Full backup ndi kukopera chilichonse, chakale ndi chatsopano chomwe. Incremental ndi kukopera zokhazo zimene zasintha kuchokera pa backup yapitayo. Mayi anga anali ndi golosale, choncho ine ndimaziona chonchi: full ndi kukopera buku lonse la ngongole m'buku lina, pamene incremental ndi timapepala ta tsiku ndi tsiku, takuti uje wabweza mwakuti, uje wawonjezera sopo. Kulemba kapepala n'kosachedwa. Koma buku likapsa, muyenera kutenga lokopera lija n'kuwerengera timapepala tonse, kamodzikamodzi, motsata masiku ake.

Poyamba tinkachita full sabata iliyonse. Tinkagwiritsa ntchito matepi a LTO-6, omwe amanyamula 2.5 TB ndipo akathamanga kwambiri amalemba 160 MB pa sekondi. Deta yathu inali pafupifupi 2 TB. Pa masamu, amenewo ndi maola atatu ndi theka. Koma sevayo sinkatha kudyetsa tepi pa liwiro limenelo, ndipo magetsi akazima jenereta n'kuchedwa kudzuka, ntchito yonse inkayambiranso. Full iliyonse inkadyanso tepi yathunthu, yoitanitsa kunja. Ndiye ndinabwera ndi nzeru: full kamodzi pa mwezi, pa 1, masiku ena onse incremental. Ndinazimitsanso gawo limene makina amawerenganso tepi akatha kulemba, poti linkachedwetsa. Backup ya usiku inayamba kutha m'mphindi 20. Abwana anandiyamikira pamsonkhano, ndipo sindibisa, zinandikoma.

Chimene sindinawerengere n'chakuti nthawi ndinkapulumutsa usiku uliwonseyo ndinkachita kukongola. Anali katapila, ndipo mwini ndalama anabwera pa 24.

Tinapukuta fumbi seva yakale n'kulowetsa tepi ya pa 1. Inayamba 9 koloko m'mawa, n'kutha 3 koloko masana. Masana ndinalonjeza aja anali atakwana, koma m'manja mwanga munali kampani ya masabata atatu apitawo. Kutsogolo kunali zidutswa 22 za incremental, kuyambira ya pa 2 mpaka ya pa 23. Tepi si disiki yoti mungolumpha n'kufika pomwe mukufuna. Imazungulira, kufunafuna, kuwerenga, kenako sevayo n'kusoka chidutswacho pa zinzake. Chilichonse chinkatenga ngati theka la ola. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki, kuzizira kwa m'kachipindako kukundilowa m'mafupa, ndikuwerenga ngati mwana wa sitandade 1. Ya pa 9. Ya pa 10. Mlonda anandibweretsera tiyi ndi chimanga chootcha.

Cha m'ma 11 koloko usiku, ya pa 17 inakana. Ndinatsuka makina owerengera tepi, kuyesanso, kuyesanso kachitatu. Inakanabe. Mwina linali fumbi, mwina kutentha. Lipoti la tsiku limenelo linali lobiriwira ngati ena onse, chifukwa makina analemba ndithu, kungoti panalibe anawerenganso.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi: zidutswa zisanu ndi chimodzi zotsatira, kuyambira ya pa 18 mpaka ya pa 23, zinali zabwinobwino. Koma pa database, incremental imasunga tizigawo tosintha poyerekeza ndi dzulo lake. Dzulo likasowa, lero alibe pokhala. Zinali ngati kapepala kakuti "wabwezako theka la zotsala", pamene kapepala konena zotsalazo kadyedwa ndi chiswe.

Tinatsegula m'mawa wa pa 25 ndi kampani ya pa 16. Masiku asanu ndi awiri, otanganidwa kuposa ena onse pa chaka, anali m'mabuku a malisiti a kaboni m'nthambi. Mabukuwo anabwera pa minibasi, ndipo amayi atatu a ku akaunti anawalowetsanso pamanja, lisiti ndi lisiti, kwa masiku anayi. Kalabu ina ya alimi inali italipiriratu matumba pa 19. Kompyuta sinkawadziwa, buku la nthambi yawo linali pa msewu, ndipo anagona pakhonde pa sitolo masiku awiri chinyontho chikutha m'minda mwawo. Sindinawaone, ndinangomva pa foni. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa mtengo wa masiku awiri amenewo.

Pambuyo pake ndinawerenga zimene zinaonekera kampani ya GitLab pa 31 Januwale 2017. Injiniya wawo anafufuta database molakwitsa, ndipo pa njira zisanu zosungira deta zimene ankadalira panalibe imene inkagwira ntchito moyenera. Anapulumukira pa kopi imene munthu anatenga pamanja maola asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike, ndipo kuibwezeretsa kunawatengera maola pafupifupi 18, anthu akuonerera pa YouTube. Zinanditonthoza pang'ono, ngakhale kutonthozeka ndi tsoka la mnzako si khalidwe.

Sindinganene kuti incremental ndi yoipa. Pamene deta ndi yochuluka moti full singathe usiku umodzi, palibe kuchitira mwina, ndipo mapulogalamu a masiku ano amatha kusoka zidutswazo okha n'kupanga full yatsopano ngozi isanagwe. Ife tinalibe zimenezo. Tinabwerera ku full ya sabata iliyonse, ndipo pakati pa sabata tinasankha differential, imene imakopera zonse zosintha kuchokera pa full yomaliza. Imanenepa tsiku ndi tsiku, pofika Lachisanu imachedwa ndithu, koma pobwezeretsa mumangofuna zidutswa ziwiri. Abwana anadandaula za mtengo wa matepi. Ndinawaonetsa ndalama za ovataimu ya amayi aja, ndipo anasaina.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinayamba kubwezeretsa zonse pa seva yakale ija, wotchi ili pathebulo, n'kulemba maola ake pa pepala lomata kukhoma. Ulendo woyamba anakwana asanu ndi awiri. Mayi wamkulu wa ku akaunti anaona pepalalo akudutsa, n'kuima.

"Bambo, nambala iyi ndi ya chiyani?"

Ndinawafotokozera. Anailemba kuseri kwa buku lawo la malisiti, n'kundiuza kuti mwezi wamawa abweranso kudzaona.